Buluku Langa M'munda mwa Apongozi

Amene anandilakwira ndi apongozi anga aakazi, amayi ake a mkazi wanga. Analowa m'nyumba mwanga ine ndili kudimba, natenga buluku langa la belibotomu, n'kukaliveka chidole choopsezera anyani m'munda mwawo. Sanapemphe, sanatume munthu kudzandiuza, ndipo atamaliza ntchitoyo anabwerera kumudzi akuimba nyimbo ya kutchalitchi.

Kuti mumvetse kukula kwa mlanduwu muyenera kulidziwa bulukulo. Ndinalipeza ku Chipata ndisanakwatire, nthawi imene ndinkathandiza amalume anga kuwolotsa mtedza panjinga kudzera m'tinjira ta kutchire. Ndinasinthanitsa ndi mbuzi yanga yokhayo. Linali la mtundu wa papaya wakupsa, lothina m'chiuno ngati likufuna kundidula pakati, koma kumapazi lotambasuka moti nkhuku ikanatha kubisamo anapiye ake mvula ikamagwa. Tsoka lake, kuno kwathu boma linali litaletsa mabuluku oterewa pamodzi ndi tsitsi lalitali la amuna. Ukapezeka utavala, anyamata a chipani ankalidula ndi sizasi iwe uli momwemo, kenako n'kukutengera kuboma kuti ukafotokoze kumene unaphunzira mwano. Choncho ine ndinkalivalira m'nyumba. Lamulungu tikabwera kopemphera ku Ludzi ndinkatseka chitseko, n'kulitulutsa kudenga kumene ndinkalibisa, n'kuvala, n'kumayenda kuchoka pakhomo kukafika kukhoma, kutembenuka, kubwereranso. Mkazi wanga ankakhala pamphasa akusankha nyemba, n'kumandifunsa kuti, "Mwafika kodi ku Lusaka, kapena basi yafa panjira?"

Ine kwathu ndi kwa Dambe. Sukulu ndinalekezera sitandade faifi, tsiku limene aphunzitsi anandikwapula pa mlandu wa mnzanga, ine n'kuwalanda ndodo ndi kuiponya padenga. Mtima wanga unali ngati udzu wa mu Okutobala, wongodikira munthu wodutsa ndi ndudu. Ndinakwatira kwa Zulu, pachikamwini, ndipo ndisanathe n'chaka chomwe ndinali nditakhala kale pabwalo kawiri. Koyamba ndinamenya mnyamata wina wa m'mudzimo ku mpira chifukwa ananditchula mlendo. Kachiwiri ndinaswa mtsuko wa mowa pa ukwati wa eni ake. Amalume a mkazi wanga, amene anali mwini mbumba komanso nkhoswe ya banja lathu, anandiuza mawu ochepa kwambiri. Anati, "Bambo, mukadzangopsanso mtima m'mudzi muno, mudzapeza mphasa yanu ndi khasu lanu zili panja. Njira ya kwa Dambe mukuidziwa." Nthawi imeneyo n'kuti mkazi wanga ali woyembekezera mwana wathu woyamba. Ndikanathamangitsidwa, mkazi ndi mwana akanatsala, pakuti pachikamwini mwamuna amachoka monga anabwerera.

Tsiku limene ndinaliona bulukulo m'munda ndinali kuchokera kudimba, mpini uli paphewa. Munda wa apongozi unali m'mbali mwa msewu, kumunsi kwa phiri kumene anyani ankatsikira chimanga chikayamba kukhwima. Ndili patali ndinaona mtundu wa papaya uja ukuwala pakati pa chimanga. Ndinati wakuba uyu, ndipo alibe ngakhale manyazi, wangoima. Ndinathamanga modumpha mizere, ndikukuwa kuti, "Vula! Vula pomwepo!" Munthuyo sanasunthe. Ndinamufika, n'kumupatsa mpini wa m'mutu, mutuwo n'kuphulika. Chinali chipanda.

Ndinaima ndikupuma ngati ng'ombe yapangolo. Buluku langa analidzaza udzu, mphepo ikulikupiza kumapazi bwino lomwe, monga mmene ndinkafunira kuti lizichitira ndikamayenda pamsewu wa kuboma. Ndinatambasula dzanja kuti ndilivule, koma dzanjalo linaima lokha m'malere. Kumtunda chidolecho anachiveka bulauzi yakale ya apongozi, yamaluwa, ndipo anaipisira m'bulukumo n'kumanga zonse pamodzi ndi luzi. Kuti ndivule buluku, ndinayenera kugwira chovala cha apongozi aakazi. Mkamwini sachita zimenezo. Mkamwini sawayang'ana kumaso apongozi ake aakazi, salankhula nawo, sadya pamene iwo ali, ndipo zovala zawo zikagwa pachingwe amazilambalala ngati njoka. Mukakumana panjira mmodzi amapatukira kutchire, ndipo mmodziyo amakhala iweyo. Ine ndinali nditalowapo kale m'chitedze chifukwa cha ulemu umenewu, n'kudzikanda mpaka madzulo. Kwawo kwa mkazi wanga chiletso chimenechi chinkatha mwana woyamba akabadwa: apongozi amakuphera nkhuku, iwe n'kupereka kamphatso, ndipo kuyambira pamenepo mumaloledwa kulankhulana. Koma mwanayo anali akadali kutali.

Ndiye taonani mmene zinalili. Munthu wondilakwira ndinkamudziwa, nyumba yake inali kuseri kwa khola lathu, chifuwa chake ndinkachimva m'mawa uliwonse, koma mkwiyo wanga unalibe khomo lolowera. Njira inali imodzi yokha, kutuma mkazi wanga.

Ndinamupeza akusinja. Ndinati, "Pita ukawauze amayi ako kuti chimene achitachi ndi kuba. Ukawauze kuti kwathu munthu wotere timamumanga."

Anapukuta manja, napita, ndipo sanachedwe.

"Akuti zikomo kwambiri," anatero. "Akuti anyani sakufikanso, ndipo Mulungu akudalitseni."

"Iwe, unawauza chiyani?"

"Ndinati mwakondwa kuti buluku lapeza ntchito."

"Ndinatero ine?"

"Simunatero, koma zimene munanenazo zinali zolemera, ndipo anamwino anandiletsa kunyamula katundu wolemera." Anagwira musi n'kupitiriza kusinja. Kenako, osandiyang'ana, anati, "Inu, mukufuna kuti mwanayu adzakudziweni, kapena azidzangomva kuti kunali bambo wina wa buluku?"

Ndinasowa chomenya. Ndinamenya nkhokwe ndi phazi, chala n'kutupa.

Amene anandipeza ndikutsimphina anali apongozi anga aamuna. Ndi iwo mwambo sunali wolimba kwambiri, tinkatha kulankhulana pantchito, bola mwaulemu. Anali munthu wamfupi, wowonda, wolankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Nawonso anali mkamwini m'mudzi momwemo, anachokera cha ku Kapiri ali mnyamata, ndipo tsitsi lonse linachita kuyerera pamudzi wa eni. Anati, "Apongozi, tabwerani mudzandithandize moto kuchigafa."

Ankalima fodya wa chikopa, uja amaumitsa ndi utsi. Masamba amawapachika m'chigafa chomata bwino, pansi n'kukumba maenje, m'maenjemo n'kuikamo zikuni zoti zizingofuka. Ntchito yonse ndi kuletsa moto kuti usayake. Lawi likangodzuka, fodya amapsa n'kuphwanyika ngati chipapati, ndipo likakula limatenga chigafa chonse ndi thukuta la chaka. Koma ukauzimitsiratu motowo, fodya amachita nkhungu n'kuola. Ndiye umakhala pamenepo ndi mtolo wa masamba aawisi, lawi likasuzumira iwe n'kuliphimba, maso akutuluka misozi.

Ine ndinkaganiza kuti andiitanira kuti apepese m'malo mwa akazi awo. Koma iwo ankangosonkhezera zikuni muutsimo. Kenako ndinalephera kupirira.

"Bambo, mwaona zimene achita amayi?"

"Ndaona. Lakhala bwino. Likuonekera kutali."

"Ndi langa limene lija!"

"Linali lanu," anatero akusonkhezera chikuni. "Jekete langa laukwati linafungatira mazira a bakha chaka cha dzombe. Chipewa changa amachotsera mphika pamoto mpaka lero."

"Ndiye inu munangokhala chete?"

"Poyamba ayi. Ndinkalira ngati galu womangidwa. Kenako tsiku lina ndili muno ndinayamba kusankha zinthu zanga, monga mmene timasankhira fodya, uyu apa, uyu apo. Ndinati munda uwu si wanga, ndi wa akuchikazi. Nyumba ndinamanga ndine, koma dothi lake si langa. Mvula si yanga. Mtengo wa fodya amanena ndi a kumsika, ine ndimangovula chipewa. Pakamwa pa mayi anuwo si panga, ndipo sipanakhalepo pa munthu wina aliyense. Nditachotsa zonsezo ndinapeza kuti zanga zenizeni n'zochepa, zokwana m'thumba la malaya: manja angawa, lilime langali, ndi chimene ndiganize ndikadzuka. Basi. Koma zimenezo palibe angakaveke chidole."

Ndinati, "Ndiye kuti munthu azingokupondani?"

"Taphimbani apo, layamba." Ndinaponya masamba palawi, utsi n'kundilowa m'mphuno mpaka kutsokomola. Iwo anadikira kuti ndimalize. "Sindinati muzimitse. Munthu wopanda moto ndi fodya woola. Mawu anuwo mudzawanena, tsiku lake likubwera. Koma mukawanena lero ndi lawi, mupsereza chigafa, mwana wanga n'kutsala yekha ndi khanda. Buluku silikumva kuwawa kumundako, apongozi. Amene akumva kuwawa ndi inu, ndipo amene akukukwapulani ndi inu nomwe. Mayi anu anakulakwirani kamodzi, m'mawa umodzi. Inu mwakhala mukudzibera buluku lomwelo kuyambira pamenepo."

Musaganize kuti ndinatuluka m'chigafamo ndili munthu watsopano. Ndinatuluka ndikununkha utsi, ndikuganiza kuti nkhalambayi inafooka kalekale ndipo ikufuna mnzake. Komanso ndinene pano kuti munthu wofatsayu anali ndi pake pothera. Pa bawo sankadziwa Mulungu. Ndinawaonapo ndi maso anga akugubuduza bawo lonse, nkhomo n'kumwazika bwalo lonse, chifukwa mphunzitsi wina wochokera kumpoto anawadya nyumba. Nditawakumbutsa za thumba la malaya lija, anati, "Bawo ndi nkhani ina, musasakanize."

Komabe chinthu chimodzi chimene ananena chinandikhala: tsiku lake likubwera. Ndinaganiza zokonzekera. Ndinati ndikonza mawu oti tsiku la nkhukulo ndidzawalankhule pamaso pa anthu onse, mawu oti apongozi akadzawamva adzakhale pansi ngakhale atakhala kale. Ndipo poti mawu amafuna kuyeserera, ndinapeza woyeserera naye. Masana aliwonse pochoka kudimba ndinkapatukira kumunda kuja. Chidole chinali chitapatsidwa mutu wina, mphika wobooka, ndipo ndi bulauzi yamaluwa ija chinkaoneka ndithu ngati eni ake. Masiku oyamba ndinkachilankhula nditachifulatira, chifukwa cha ulemu. Kenako ndinazolowera.

Mawu anga oyamba anali aatali ngati ulaliki wa pa Khirisimasi. Ndinkayambira pa mbuzi yanga, kudutsa pa ulesi wa anthu a m'mudzimo, ufiti wa agogo a apongozi amene sindinawaonepo, mano a apongoziwo, mpaka kukafika pa mchere umene ankaumana m'ndiwo. Ndinkaloza chala, kuponda pansi, thovu kukamwa. Chidole chinkangondiyang'ana ndi bowo la mphika lija, buluku langa likukupiza.

Chodabwitsa n'chakuti mawu achipongwe salimba kubwerezedwa. Tsiku loyamba amakoma ngati nyama yootcha. Ukawanenanso mawa, mawa linalo, dzuwa lili paliwombo, kwa mphika wobooka, umayamba kudzimva wekha. Za ufiti wa agogo zinagwa zokha, chifukwa ndinadzifunsa kuti agogowo analowa bwanji m'nkhani ya buluku. Za mano ndinazisiya nditakumbukira kuti mano a apongozi sindinawaonepo, popeza sindinawayang'anepo kumaso. Za mchere zinali zoona, koma mkazi wanga anandiuza kuti ndiwozo ankaphika ndi iye. Chimanga chikamauma, ulaliki wanga nawo unkauma. Unatsala waufupi moti ndinkaumaliza ndisanatule khasu. Zinkandikwiyitsa zimenezi. Ndinkaona ngati wina akundibera mkwiyo, nditabedwa kale buluku.

Tsiku lina tonse tinali m'mundamo kudula chimanga ndi kuimika mikukwe. Ine ndi apongozi aamuna tinali chakumsewu, pafupi ndi chidole. Apongozi aakazi anali kumapeto kwina, atatifulatira monga mwa mwambo, mkazi wanga atakhala pamthunzi chifukwa masiku ake anali atayandikira. Tinangomva mluzu. Anali anyamata a chipani, malaya awo ofiira, akuchokera kumsika kumene ankaima pachipata kufunsa makhadi a chipani. Patsogolo pawo panali mnyamata uja ndinamumenya ku mpira. Tsopano anali mkulu wawo, ndipo dzino limene ndinaligwedeza linali litachoka.

Analowa m'munda osapereka moni, nazungulira chidolecho manja ali kumbuyo ngati bwana woyendera sukulu.

"Kodi boma linaletsa mabuluku awa kwa anthu okha, kapena m'dziko lonse?" anafunsa anzake.

"M'dziko lonse!" anayankha.

"Nanga ili likutani muno?" Anatembenukira kwa ine, akumwetulira ndi mpata wa dzino uja. Ankadziwa bwino lomwe mwini wake, mudzi wonse unkadziwa. "Alendo athu a kwa Dambe, mwina inu mungatithandize. Buluku lokongola chonchi, mwini wake ndani? Ngati ndi mwamuna weniweni anene yekha. Kapena mwini wake ndi wamantha, amangolimba ku mpira?"

Anatulutsa sizasi m'thumba. Sanafulumire. Anagwada, nagwira mwendo umodzi pabondo, n'kuyamba kudula pang'onopang'ono, maso ali pa ine. Ndinkamva kulira kwa nsaluyo m'mano mwanga. Chikwanje chinali m'dzanja langa, ndipo ndinamva kutentha kukukwera kuchoka m'mimba, kudutsa pachifuwa, kufika m'makutu. Ndinkadziwa njira yake motowo, ndinali nditayenda nawo moyo wanga wonse. Ukafika m'maso, ndimadzidzimuka munthu ali pansi. Ndipo ulendo uno sikukanakhala kwa Dambe kokha. Munthu womenya mnyamata wa malaya ofiira ankapita kumene anthu sankafunsa kuti abwera liti.

Apongozi aamuna anawerama ngati akutola chimanga pafupi ndi phazi langa, n'kunena chapansipansi kuti, "Layamba, apongozi. Phimbani."

Ndinalibe masamba aawisi. Ndinayang'ana kumthunzi kuja. Mkazi wanga anali ataimirira, dzanja limodzi pamsana, lina pamimba. Ndinakanikiza zala za kumapazi m'dothi mpaka chala chotupa chija chinandikumbutsa za nkhokwe. Ndinatsegula dzanja, chikwanje n'kugwa. Kenako ndinasankha zinthu zanga mofulumira, monga anandiphunzitsira: sizasi si yanga, pakamwa pa mnyamatayu si panga, dzino lake ndinalipira kale pabwalo. Lilime ndi langa.

Ndinati, "Achimwene, buluku lili pa chidole. Ndi la chidolecho."

Ndinanena kuti ndidzipulumutse, koma mawuwo atatuluka ndinamva kuti ndi oona. Linali litapsa ndi dzuwa, mbalame zitalinyerera, chiswe chitayamba kulawa kumapazi. Buluku limene ndinkamenyera nkhondo linali m'mutu mwanga mokha.

Mnyamatayo anakhumudwa ngati munthu amene wakonzera alendo chakudya koma osabwera. Anadula mwendo winawo mwaukali, chidole n'kutsala ndi kabudula, timiyendo take tansungwi tili pamtunda. Ndiye anakuwa kuti, "Mwini munda ndani? Afotokoze!"

Apongozi aakazi sanatembenuke, chifukwa ine ndinali pomwepo. Anayankha atayang'ana kuphiri, ndi mawu awo aja omveka mpaka kutsidya kwa dambo, amene ankatsogolera nawo nyimbo amayi akamapita kovina pamisonkhano ya chipani.

"Ndine, mwana wanga. Ndinaliika dala pamsewu kuti aliyense wodutsa aone. Mabuluku amenewa oyenera kuwaona ndi anyani, ndipo ngakhale anyaniwo akuthawa. Munthu wanzeru zake angavale chinthu chotere? Ndimati ndikuthandizeni ntchito, koma ngati ndalakwa mundiuze, ndikafotokoze kwa amayi anzanga kuti munandiletsa."

Mnyamata uja anabweza sizasi m'thumba. Anati amayi achita bwino kwambiri, ndipo amayi onse atengere chitsanzo. Anaponya miyendo ya buluku ija pansi, naliza mluzu, n'kumapita ndi gulu lake.

Kunena zoona, sizasi ija sinandipweteke ngati mawu a apongoziwo. Anatipulumutsa tonse, inde, koma anachita kundipondera pamutu powoloka. Munthu wanzeru zake! Ndinayang'ana apongozi aamuna kuti mwina andithandiza. Iwo mapewa ankangogwedezeka, nkhope ataibisa mumkukwe. Pamene tinkaweruka ndinaona ndi kumbali kwa diso apongozi aakazi akutola miyendo iwiri ija n'kuiponya mudengu. Madzulo ake ndinabwezeramo mizere ingapo mu ulaliki wanga.

Mwana anabadwa m'nyengo yozizira, titamaliza kukolola, wamkazi, wamakani kuyambira tsiku loyamba. Mkazi wanga ndi mwana atatuluka m'chikuta, tsiku la nkhuku linakonzedwa. Anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango. Kunabwera amalume a mkazi wanga aja, n'kukhala pampando wawo, ndodo ili pakati pa miyendo. Kunabwera azakhali, anansi, ndi ena amene sanaitanidwe koma anamva kuti mkamwini wa kwa Dambe lero atsegulidwa pakamwa. Ndikukhulupirira kuti ena anabwera kudzaonerera mphasa ndi khasu zikutulutsidwa. Ine ndinagwada kumapeto kwa mphasa, m'manja muli duku latsopano limene ndinagula kuboma. Apongozi aakazi anakhala mbali inayo, nkhope ataiphimba ndi chitenje, mwana ali pamiyendo.

Amalume analankhula za mwambo, nkhuku inabwera m'mbale, ine ndinapereka duku kudzera mwa mkazi wanga. Kenako apongozi anachotsa chitenje kumaso.

Aka kanali koyamba kuwaona bwinobwino. Miyezi yonseyi m'mutu mwanga anali chimunthu chachikulu chokhala ndi mutu wa mphika. Koma apa panali mayi wamng'ono thupi, wa maso onyezimira ngati a mkazi wanga akafuna kundiseka. Ndipo mano anali nawo onse, oyera bwino.

"Takulandirani, apongozi," anatero. "Nayu mlendo wanu, mumunyamule."

Anandipatsira mwanayo m'manja. Nditamulandira, kansalu kakumtunda kanatseguka, ndipo ndinaona thewera. Linali la mtundu wa papaya wakupsa. Analichapa, kulipinda bwino, ndipo msoko wa kumapazi uja, umene ndinkaukupiza pakati pa khomo ndi khoma, unali utazungulira matako a mwana wanga.

Anthu onse anaona.

"Nsalu yabwino," anatero apongozi. "Siilowa madzi msanga. Anthu a ku Zambia amadziwa kuluka." Anakonza duku latsopano lija pamutu. "Tsopano lankhulani, bambo. Ndikudziwa kuti muli ndi mawu. Ndinkawamva ndikuthyola nkhwani kuseri kwa chulu, tsiku ndi tsiku. Za agogo anga munazisiya, ndinathokoza. Za mano mwaona nokha. Zatsala ziti?"

Wina anaphulika kuseka n'kudzitseka pakamwa. Amalume anasuntha ndodo yawo, maso ali pa ine. Mkazi wanga anayang'ana pansi. Apongozi aamuna anayang'ana kumwamba mumtengo, ngati akufuna mango m'mwezi wa Julaye.

Moto unabwera, sindinama. Unadzuka m'mimba monga mwa masiku onse, n'kuyamba ulendo wake wopita kumakutu. Koma ulendo uno ndinauona ukubwera, monga umaonera lawi likusuzumira m'dzenje la m'chigafa, ndipo ndinaudikira. M'manja mwanga munali munthu wolemera ngati nkhunda ziwiri, amene akanatsala m'mudzi muno ine ndikanapita. Ndipo ndili chigwadire choncho ndinamva kufunda kwina, osati kwa mkwiyo, kukuyenderera pamkono wanga mpaka kuchigongono. Nsalu ya ku Zambia ija inali italowa madzi.

Ndinakweza maso, n'kuwayang'ana apongozi anga kumaso, ndipo mawu anatuluka bwinobwino.

"Amayi, buluku lija linali langa. Munalitenga osandipempha, ndipo zinandiwawa kwambiri. Mukadzafunanso kanthu m'nyumba mwanga, pakamwa patsegukapa, mudzandiuze, ndidzakupatsani ndi manja awiri. Mawu anga ndi omwewo, ena onse anadya anyani. Tsopano ndipatseni mwendo winawo, uwu mdzukulu wanu wanyowetsa kale."